Mayi Ethelwynn Trewavas, Wolondola Chibale cha Nsomba za M'Nyanja ya Malawi

Mwa anthu onse amene adathera masiku a moyo wawo pophunzira za nsomba za m'Nyanja ya Malawi, ndi owerengeka amene dzina lawo limapezeka kawirikawiri m'mabuku monga la mayi wina wa ku Britain, Ethelwynn Trewavas. Akatswiri a zamoyo ali ndi mwambo wakuti akalemba dzina la Chilatini la nyama kapena nsomba, pambuyo pake amaikapo dzina la munthu amene adayamba kuifotokoza, pamodzi ndi chaka chake. Motero wophunzira akatsegula buku napeza chambo china chitalembedwa kuti Oreochromis karongae, adzaonanso pomwepo dzina la Trewavas ndi chaka cha 1941, ndipo akapitiriza kutembenuza masamba adzakumana nalo dzinali mpaka kutopa. Asodzi ambiri a ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay sadamvepo za mayiyu. Koma ku Ulaya ndi ku America, kumene anthu zikwizikwi amaweta nsomba za m'nyanjayi m'matanki agalasi m'nyumba mwawo, dzinali ndi lodziwika kwa aliyense amene wakhalitsa pa ntchitoyo.

Mayi Trewavas adabadwa pa 5 Novembala 1900 ku Penzance, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere m'chigawo cha Cornwall, kunsonga ya kummwera chakumadzulo kwa England, kumene anthu akhala akudalira usodzi kuyambira makedzana. Adaphunzira za sayansi pa koleji ya ku Reading namaliza m'chaka cha 1921. Monga momwe zinkakhalira ndi atsikana ambiri ophunzira masiku amenewo, khomo loyamba kuwatsegukira lidali la uphunzitsi, ndipo adagwira choko kwa zaka zingapo. Pambuyo pake adapeza malo pa King's College of Household and Social Science ku London, kumene ankathandiza ophunzira m'chipinda choyesera za sayansi, nthawi yotsala n'kumaithera pa kafukufuku wawo. Kafukufuku woyambayo sadali wa nsomba ayi, koma wa achule. Adatumbula achule a mitundu yambiri nayerekeza timafupa ndi minofu ya kummero kwawo, kumene kumachokera kulira kuja kumamveka m'madambo nyengo ya dzinja. Ntchitoyo idasindikizidwa mu 1933. Wina angaseke kumva kuti munthu wophunzira bwino adatha zaka akusuzumira kummero kwa chule, koma kumeneko ndi kumene adazoloweza maso ndi manja awo kufunafuna chibale cha zamoyo m'malo obisika a thupi.

M'chaka cha 1928 adatengedwa ndi Charles Tate Regan kuti akhale womuthandiza. Regan adali katswiri wamkulu wa nsomba ku Britain, ndipo adali atangokwezedwa kumene kukhala mkulu wa Natural History Museum ya ku London, nyumba yaikulu yosungiramo zamoyo zochokera m'maiko onse. Ntchito imene adayamba nayo awiriwa idali ya nsomba za pansi penipeni pa nyanja zamchere, zimene zidagwidwa ndi sitima ya ku Denmark yotchedwa Dana. Zina mwa izo zimakhala mumdima wosatha, zili ndi kanyali pamutu kokopera nyama, ndipo yaimuna yake ndi kanthu kakang'ono kamene kamaluma thupi la yaikazi n'kumamatira pomwepo moyo wake wonse. Buku lawo la nsomba zimenezi lidatuluka mu 1932. Mu 1935 Mayi Trewavas adalembedwa ntchito yokhazikika m'nyumbayo, pa nthawi imene akazi ogwira ntchito ya sayansi m'menemo adali owerengeka ndi zala.

Tsono nsomba za ku Nyasaland zidali zitayamba kale kufika ku London iwo asadabadwe. David Livingstone adafika pa nyanjayi mu Sepitembala 1859, ndipo patangopita miyezi iwiri buku la Charles Darwin lotchedwa On the Origin of Species lidatuluka ku London. Mu 1861 John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa Livingstone, adatola nsomba zowerengeka za m'nyanjayi, ndipo Albert Günther adazifotokoza mu 1864. Günther yemweyo ndi amene pambuyo pake ankathandiza Darwin ndi nkhani za kusiyana kwa nsomba zazimuna ndi zazikazi, koma onse awiri sakadalota n'komwe za chuma chimene chidali chitabisala m'madzi mmene mudachokera nsomba zochepazo. Ena adatumizanso zawo m'zaka zotsatira, Regan naye adalembapo mu 1922. Kenaka mu 1925 ndi 1926 dokotala wina woyendayenda, Cuthbert Christy, adatola nsomba zikwi zingapo m'madooko osiyanasiyana a nyanjayi. Christy adamwalira mu 1932 ku Congo atagundidwa ndi njati, ndipo mabotolo ake a nsomba za banja la chambo adagwera m'manja mwa Mayi Trewavas.

Nkofunika kuti awerengi aione bwino ntchito imeneyi mmene inkagwiridwira, pakuti idalibe ulemerero uliwonse. Nsomba ikakhala m'mankhwala oletsa kuwola kwa zaka, maonekedwe ake okongola amafwifwa, zonse zimangokhala zotuwa ngati zadothi. Munthu amaitulutsa m'botolo, n'kuiyeza utali ndi msinkhu, kuyeza diso ndi nsagwada, kuwerenga mamba mumzere wa m'nthiti, kuwerenga minga ya chipsepse cha pamsana, ndiponso timinga tosefera chakudya tokhala m'ziwalo zopumira. Akatero amaika kamwa pansi pa makina okuzira tinthu tating'onoting'ono kuti aone mano, ngati ali osongoka, a nsonga ziwiri kapena zitatu, ndi mizere yake. Potsiriza amang'amba pakhosi n'kuchotsa kafupa ka makona atatu. Nsomba za banja la chambo, limene akatswiri amalitcha Cichlidae, zili ndi nsagwada zachiwiri kummero, zokhala ndi mano akeake. Nsagwada zakunja zimangotola chakudya, zakummero ndizo zimapera. Aliyense wodya chambo mosamala angakapeze kafupaka m'mutu mwake. Mayi Trewavas adachita zimenezi ndi nsomba imodzi imodzi, mwezi ndi mwezi, nyanjayo asadaionepo ndi maso. Mu 1931 adalemba za gulu la Lethrinops, limene muli chisawasawa, ndipo mu 1935 adatulutsa ndandanda ya nsomba zonse za banjali za m'Nyanja ya Nyasa zimene zidali kudziwika, mitundu yoposa 170, yambiri mwa iyo yachilendo kwa akatswiri.

Chimene ndandandayo idaonetsa chidali chozunguza mutu. Pafupifupi mitundu yonseyo sinkapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja imodziyi. Chigoba cha thupi chidali chimodzimodzi, monga cha ana a bere limodzi, koma makamwa adali osiyana ngati zida za mmisiri. Ina ili ndi mano ngati sompho wopalira ndere pamiyala. Ina ili ndi mano a kummero ozungulira ngati mphero, oswera nkhono, kuphatikizapo nkhono zija zimafalitsa likodzo. Mcheni uli ndi thupi lalitali ndi mano osongoka othamangitsira usipa. Utaka uli ndi kamwa lotambasuka ngati paipi lotolera tizilombo toyandama m'madzi. Genyochromis mento, imene iwo adaitcha dzina chaka chomwecho, imadya mamba ndi zipsepse za zinzake. Palinso ina imene patapita zaka zambiri osambira pansi pamadzi adaiona ikugunda pamutu nsomba zazikazi zofungatira ana m'kamwa kuti zilavule anawo, iyo n'kuwameza. Funso lidali lakuti zidatheka bwanji kuti nsomba zapachibale chotere zichuluke mitundu motere m'madzi amodzi.

Yankho la akatswiri lidachokera m'chiphunzitso cha Darwin, chimene chimatchedwa chisinthiko, ndipo mutu wake si wovuta monga momwe ambiri amauopera. Ana a mayi mmodzi safanana ndendende. Nsomba imaswa ana ambiri kuposa amene angapulumuke, ndipo amene ali ndi kamwa kapena thupi lowathandiza pang'ono kupeza chakudya ndi kuthawa adani ndiwo amakula n'kusiya mbewu, anawo n'kutengera makolo. Zimenezi zikachitika kwa mibadwo zikwi zambiri, magulu awiri a nsomba imodzi n'kuleka kukwatirana, kaya chifukwa chotalikirana malo kaya chifukwa chosiyana maonekedwe, mapeto ake pamakhala mitundu iwiri pamene padali umodzi. Mbuna zimaonetsa zimenezi poyera. Izo zimakhala m'miyala ndipo sizikonda kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, ana ake amakulira m'kamwa mwa mayi osatengedwa ndi mafunde kupita kutali, choncho mulu uliwonse wa miyala uli ngati chilumba pachokha. Yaikazi imasankha mwamuna poona mtundu wa thupi lake. Kuwonjezera apo, nyanjayi yakhala ikuphwa ndi kudzala. Akatswiri amene adaboola matope a pansi pake mu 2005 adapeza umboni wakuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kudagwa chilala choopsa, madzi adatsika mamita mazanamazana, ndipo atabwerera adamiza miyala yatsopano imene nsomba zidayambirapo midzi yatsopano.

Mwayi woiona nyanja udapezeka mu 1939. Boma la atsamunda lidali kuchita kafukufuku wa kadyedwe ka anthu m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, ndipo lidafuna kudziwa ngati nsomba zingathandize kuthetsa kuperewera kwa zakudya m'thupi. Adatumidwa anthu atatu, Mayi Trewavas, Kate Ricardo amene adali atagwirapo kale ntchito yotere pa nyanja za Rukwa ndi Bangweulu, ndi H. J. H. Borley wa m'boma la Nyasaland. Adayenda m'madooko, nayang'ana zotuluka m'makoka ndi m'matchera, natumbula nsomba kuona zimene zidadya ndi msinkhu wa mazira, nalembanso maina amene asodzi ankazitchula nawo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idabuka chaka chomwecho, lipoti lawo n'kudzatuluka mu 1942. Pa ulendowu Mayi Trewavas adazindikira kuti chambo, chimene mabuku ankachiyesa mtundu umodzi, chili m'mitundu ingapo yofanana kwambiri, ndipo mu 1941 adafotokoza iwiri yatsopano, karongae potengera dzina la Karonga, ndi lidole potengera dzina la asodzi eni ake. Apa choonadi chiyenera kunenedwa: asodzi adali kusiyanitsa kale nsombazi ndi maina awo, ndipo nzeru ya mayiyu idali yakuti adawamvera, napita kukatsimikiza ndi mafupa.

Mu 1947 adalemba m'magazini a sayansi otchedwa Nature za kagawikidwe ka mitundu ya nsombazi m'nyanja za kum'mawa kwa Africa, ndiponso za nsomba yochenjera yotchedwa Corematodus shiranus, imene imafanana maonekedwe ndi chambo, n'kumasambira pakati pa chambocho osazindikirika, uku ikupala timamba ta kumchira kwake. Nsomba yotere ndi umboni wabwino wa chiphunzitso chija, pakuti imene idafanana kwambiri ndi chambo ndiyo inkadya bwino.

Sadali munthu womana nzeru. Rosemary Lowe, mtsikana amene adafika ku Nyasaland mu 1945 kudzaphunzira za moyo wa chambo, adakonzekera ulendo wake pansi pa uphungu wawo, ndipo pambuyo pake adakhala mmodzi wa akatswiri otchuka a nsomba za m'maiko otentha. Geoffrey Fryer, amene adagwira ntchito ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 naloweza m'mabuku a sayansi liwu la Chitonga lakuti mbuna, adatcha mbuna ina dzina lakuti Labeotropheus trewavasae mu 1956 powalemekeza. Anzawo a pantchito ankangowatchula ndi zilembo ziwiri zoyamba za maina awo, E.T. Mu 1958 adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa gawo la zinyama, ndipo mu 1961 adapuma pantchito. Kupumako kudali kwa m'mabuku a malipiro okha, chifukwa ntchito zawo zazikulu koposa zidabwera pambuyo pake.

Mu 1970, chaka chimene ankakwanitsa zaka 70, adapita ku Cameroon kukaona Barombi Mbo, kanyanja kozungulira kokhala m'chigwa cha phiri lophulika lakale pafupi ndi tauni ya Kumba. Kukula kwake ndi makilomita awiri ndi theka basi kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo, koma muli mitundu 11 ya banja la chambo yosapezeka kwina. Kumenekonso adatenga maina a eni dera, monga myaka, pungu ndi dikume, nawasandutsa maina a sayansi. Kanyanjaka kadautsa funso limene lidavuta akatswiri zaka zambiri. Ernst Mayr ndi omutsatira ankaphunzitsa kuti mtundu sugawika pokhapokha patakhala chotchinga cholekanitsa magulu, monga phiri kapena mtunda wouma. Nanga m'mbale yaing'ono ngati imeneyi chotchinga chidali kuti?

Ntchito imene idawatengera zaka zambiri koposa idali ya nsomba za gulu la tilapia, ndipo idatha mu 1983 ndi buku la masamba oposa 500. M'menemo ndi mmene mudachokera mkangano umene udakhudza anthu wamba. Kwa nthawi yaitali nsomba zonsezi zinkatchedwa Tilapia. Mayi Trewavas adaona kuti zimasiyana pa kaleredwe ka ana, ndipo kusiyanako kumayenderana ndi kwa mafupa ndi mano. Zina, monga chilunguni, zimaikira mazira pansi, bambo ndi mayi n'kumalondera limodzi. Zina bambo, kapena onse awiri, amafungatira mazira m'kamwa. Zina, monga chambo ndi makumba, bambo amakonza bwalo lake pamchenga, mayi amatola mazira m'kamwa n'kuchoka nawo kukalera yekha. Adagawa gululo motsata zimenezi, kotero kuti chambo chidachoka ku Tilapia kupita ku Sarotherodon m'zaka za m'ma 1970, kenaka ku Oreochromis. Ogwira ntchito za usodzi ndi alimi a nsomba ambiri adanyinyirika, ndipo kunyinyirikako kudali komveka, popeza malipoti ndi mabuku awo adasanduka akale usiku umodzi. Koma kwa mayiyu dzina la gulu lidali lonena za chibale, monga mfunda pakati pa anthu. Kuika nsomba ziwiri pansi pa dzina limodzi ndiko kunena kuti zidachokera kwa kholo limodzi, ndipo ngati umboni ukutsutsa zimenezo, dzinalo liyenera kusintha ngakhale anthu atalizolowera chotani.

Apa ndi pamene nkhani yawo ikukumana ndi ya oweta nsomba za m'matanki. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mbuna zamoyo zidayamba kutumizidwa pa ndege kupita ku Ulaya ndi ku America, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Stuart Grant adakhazikitsa malonda otere ku Salima. Anthu adakopeka ndi kuwala kwa nsombazi, zobiriwira ngati thambo, zachikasu, zamizeremizere, ndipo adayambitsa mabungwe ndi magazini awo ku Germany, ku France, ku Britain ndi ku America. Ambiri adali anthu wamba, akalaliki, amisiri ndi aphunzitsi. Koma iwo adali ndi chimene munthu wa mabotolo adalibe: ankaona nsomba yamoyo tsiku ndi tsiku, mtundu wa yaimuna ikafuna kukwatira, kavinidwe kake, timadontho tonga mazira ta pachipsepse cha kumimba, ndi masabata atatu amene mayi amakhala osadya atafungatira ana. Osambira pansi pamadzi nawonso adapeza kuti nsomba zimene m'botolo zimaoneka ngati imodzi, m'nyanja zili mitundu iwiri kapena itatu yosakwatirana. Kafukufuku wa Anthony Ribbink ndi anzake wa mu 1983 adawerenga mitundu 196 ya mbuna zokha.

Katswiri wina wokalamba akadatha kuipidwa kuona anthu opanda madigiri akulowerera m'munda mwake. Mayi Trewavas adachita zosiyana. Mu 1984 nkhani yawo yokonzanso magulu a mbuna, mmene adatchulamo dzina la Tropheops, adaisindikiza m'magazini a Chifalansa a za kuweta nsomba. Ndipo pamene Humphry Greenwood, mnzawo wa ku London, adachepetsa dzina la Haplochromis kuti likhale la mitundu yochepa yokha ya kunja kwa Malawi, nsomba zoposa 100 za m'nyanjayi zidatsala zopanda mfunda. Mayi Trewavas adagwirizana ndi David Eccles, amene adakhala zaka zambiri pa kafukufuku wa usodzi ku Monkey Bay, nazigawa m'magulu atsopano, makamaka poyang'ana mizere ndi madontho akuda a pathupi. Utaka udakhala Copadichromis. Kaligono, nsomba ija imagona chammbali pamchenga ngati yakufa kudikira tiana tosachenjera, idakhala Nimbochromis. Bukulo lidatuluka mu 1989 ku Herten m'dziko la Germany, ndipo wolisindikiza adali wa m'gulu la okonda nsombazi. Zithunzi zojambula pamanja zimene zidakonzedwa m'zaka za m'ma 1930 zidaonekera poyera m'menemo patapita zaka zoposa 50. Iwo adali ndi zaka 88.

Oweta nsomba nawonso adadandaula ndi maina atsopanowo, koma adawaphunzira, ndipo powaphunzira adapezeka akukamba za chisinthiko ngakhale amene sadafune. M'magulu otere, monganso m'kalasi ya sayansi ya zamoyo ku sekondale, nkhaniyi nthawi zina imautsa mapiri pachigwa, ndipo sipalephera wina wopempha kuti isiyidwe poopa kukhumudwitsa anzawo a chipembedzo. Mantha amenewa si opanda pake, pakuti chikhulupiriro cha munthu si chinthu choseweretsa, ndipo mipingo imasiyana pa nkhaniyi. Ina imakana chiphunzitsochi, pamene Mpingo wa Katolika, kuyambira ndi kalata ya Papa Pius XII ya mu 1950, udalola kuti chifufuzidwe. Komabe munthu woweta mbuna akafuna kukhala chete pa nkhaniyi amatsala wopanda yankho pa mafunso a tsiku ndi tsiku a ntchito yake yomwe. Sangafotokoze chifukwa chake nsomba ya ku Likoma isiyana mtundu ndi mbale wake wa ku Chilumba, kapena chifukwa chake ziwirizo zikatsekeredwa m'tanki limodzi zimatha kuswa ana osakanizika, chinthu chimene oweta odziwa amachipewa kwambiri. Mphunzitsi amene amadumpha mutuwu, kapena kuuwerenga mothamanga ngati wodutsa pamanda usiku, amamana ana chitsanzo chimene ophunzira a m'maiko ena amachiona pa zithunzi zokha, pamene a kuno amachidya ndi nsima. Zolemba za Mayi Trewavas zimaonetsa njira ina yokambira nkhaniyi: kuika fupa patebulo, kuwerenga mano, kunena chimene umboni ukuloza, ndi kuvomera kusintha pakapezeka umboni wina.

Malonda a nsomba zamoyo adachititsanso chinthu china mosayembekezera. M'zaka za m'ma 1960 mbuna zina zochokera kumpoto kwa nyanja zidatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, zidakhazikika, ndipo ofufuza a pambuyo pake adapeza kuti zina zidasakanizana ndi za komweko, maonekedwe ake n'kuyamba kusiyana m'mbali zosiyana za chilumbacho m'zaka makumi ochepa chabe. Chilumbachi chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Chifukwa chimodzi chachikulu chidali kufunika kwa nsombazi pa maphunziro a chisinthiko, kumene kumayerekezedwa ndi kwa mbalame za pa zilumba za Galápagos zimene Darwin adaziona.

Univesite ya Stirling ku Scotland idawapatsa digiri yaulemu mu 1986, ndipo chaka chotsatira nsomba ina yokongola ya kufupi ndi Chilumba idatchedwa Aulonocara ethelwynnae. Maso atayamba kuchita mdima, makina awo okuzira tinthu adawapereka kwa Ad Konings wa ku Netherlands, amene adayamba ngati woweta nsomba ali mnyamata nadzakhala mlembi wa mabuku odziwika a nsomba za m'Nyanja ya Malawi. Mayi Trewavas adamwalira ku Reading pa 16 Ogasiti 1993 ali ndi zaka 92.

Adamwalira pamene njira yatsopano yolondolera chibale, yowerenga malangizo a chibadwa otchedwa DNA, idali itangoyamba kugwira ntchito, ndipo njirayo idayesa zonse zimene iwo adalemba. Mu 1994 ofufuza a ku Germany adaonetsa kuti mitundu ya mu Barombi Mbo ndi ya kholo limodzi ndipo idagawikira m'kanyanja momwemo, ngakhale kuti ena mu 2015 adapeza zizindikiro zakuti magazi a nsomba za m'mitsinje yoyandikana adalowamonso, choncho mkanganowo sudatheretu. Dzina la Oreochromis lidaima nji. Gulu la Tilapia limene adalisiya lidagawidwanso mu 2013, chilunguni n'kukhala Coptodon rendalli. Ena mwa magulu a mu 1989 adapezeka kuti adasonkhanitsa nsomba zofanana mizere koma zosayandikana pachibale, ndipo akatswiri akali kuwakonza. Mu 2018 ofufuza adawerenga DNA yathunthu ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'Nyanja ya Malawi, napeza kuti pa zilembo 1,000 zilizonse, zosiyana pakati pa mtundu ndi mtundu sizifika zitatu. Mcheni, utaka, ndunduma, chisawasawa ndi mbuna, mitundu imene akatswiri amaiyerekeza kuti ili pakati pa 700 ndi 1,000, ndi mbumba imodzi imene idafalikira m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi, pamene chambo chidalowa m'nyanjayi mwa njira yakeyake n'kugawika m'mitundu yochepa.

Chaka chomwecho cha 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, lidaika mitundu itatu ya chambo, squamipinnis, karongae ndi lidole, m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu, kaamba ka kupha kopyola muyeso. Lidole, chambo cha mutu waukulu chokonda madzi akuya, papita zaka zambiri chisadaoneke m'makoka, ndipo akatswiri ena akuopa kuti chidatha kale. Nsomba zimene Mayi Trewavas adagwiritsa ntchito pochitcha dzina mu 1941 zikali m'mabotolo awo ku London.